Makina owerenga magalimoto pa motorway za ku England: amalondola pati, amalakwa pati?

Mu December 2025, National Highways, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya ku England, linavomereza kuti makamera ake ena anajambula molakwika maulendo pafupifupi 2,650 kuyambira mu 2021, ngati kuti madalaivala athamanga mopitirira malire pomwe sanalakwe chilichonse. Zaka 3 m'mbuyomo, bungwe lina la boma linali litapeza kuti makina ozindikira galimoto yoima pakati pa msewu sankagwira ntchito monga momwe anthu analonjezedwera. Koma National Highways yomweyo imatulutsanso ziwerengero zosonyeza kuti misewu yokhala ndi makinawa ili m'gulu la misewu yotetezeka kwambiri m'dzikolo. Munthu womva nkhani zitatuzi, makamaka amene amayendetsa galimoto pa motorway (misewu ikuluikulu ya magalimoto othamanga) monga M1 kapena M6 popita kuntchito, angadabwe kuti akhulupirire iti.

Chisokonezo chimabwera chifukwa pa motorway palibe chipangizo chimodzi. Pali zipangizo zamitundumitundu, chilichonse chinapangidwa kuti chiyankhe funso lakelake, ndipo chomwe chimalondola pa funso limodzi chimatha kukhala chosaona konse pa funso lina.

Waya wa m'phula

Ukayang'anitsitsa pansi pa motorway umaona mabokosi akudaakuda ojambulika paphula, awiriawiri mu mzere uliwonse wa magalimoto. Amenewo ndi malo omwe amisiri anacheka phula ndi sowo, n'kulowetsamo waya woukulunga kangapo, kenaka n'kumata. Wayayo amathera m'kabati yachitsulo ya m'mbali mwa msewu. Mu waya mumayenda magetsi ochepa, ndipo chitsulo cha galimoto chikadutsa pamwamba, kayendedwe ka magetsiwo kamasintha pang'ono. Makina a m'kabati amalemba nthawi yomwe kusinthako kwayamba ndi nthawi yomwe kwatha. Basi, ndi zokhazo zomwe amadziwa. Saona mtundu wa galimoto, nambala yake kapena dalaivala.

Kuchokera pa nthawi ziwirizo, makinawo amawerengera zina zonse. Kusintha kumodzi ndi galimoto imodzi. Popeza mtunda wa pakati pa bokosi loyamba ndi lachiwiri ndi wodziwika, nthawi yomwe galimoto yatenga kuchoka pa loyamba kufika pa lachiwiri imapereka liwiro lake. Liwiro likadziwika, nthawi yomwe galimotoyo inakhala pamwamba pa waya imapereka kutalika kwake. Pamakhalanso chiwerengero chachinayi chomwe akatswiri amachidalira kwambiri, chonena kuti pa mphindi imodzi, waya anakhala wophimbidwa ndi galimoto kwa nthawi yaitali bwanji.

Ku England mawayawa ndi maziko a dongosolo lotchedwa MIDAS, lomwe linayamba kuikidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo msewu wa M25 wozungulira London unali pakati pa oyamba. Malo oyezera amatalikirana pafupifupi mamita 500, ndipo amatumiza ziwerengero za mzere uliwonse pa mphindi iliyonse. Makina akaona kuti waya waphimbidwa kwa nthawi yaitali modabwitsa, amadziwa kuti magalimoto athithikana, ndipo amayatsa okha zikwangwani zam'mbuyo zouza madalaivala kuti atsitse liwiro kuchoka pa mamailosi 70 pa ola kufika pa 60, 50 kapena 40. Cholinga choyambirira chinali chimenechi: kuteteza amene ali kumchira wa mdipiti wa magalimoto kuti asawombedwe ndi amene akubwera mothamanga.

Magalimoto akamayenda bwino, aliyense mu mzere wake, waya wosamalidwa bwino salakwa kawirikawiri, ndipo mdima kapena chifunga sizimusokoneza. Mavuto amayamba zinthu zikasokonekera. Galimoto yosintha mzere pamwamba penipeni pa mabokosi imatha kuwerengedwa kawiri, kamodzi mbali iliyonse, kapena kusawerengedwa n'komwe. Lole yokoka ngolo, yomwe pakati pake chitsulo chili patali ndi phula, nthawi zina imaoneka ngati magalimoto awiri. Magalimoto awiri otsatana mphuno ndi mchira pamdipiti amaoneka ngati lole imodzi yaitali. Njinga yamoto ili ndi chitsulo chochepa, ndiye ikadutsa m'mphepete mwa bokosi imazemba. Galimoto ikaima n'kuyambanso pakati pa mabokosi awiri, masamu a liwiro ndi kutalika amasokonekeratu. Choncho nthawi yomwe tikufuna kudziwa zoona zenizeni, pomwe msewu wadzaza, ndi nthawi yomwenso waya amafooka.

Palinso kukalamba. Phula limang'ambika, madzi amalowa, malole olemera amafinya waya, ndipo okonza msewu akamapala phula lakale amamudula. Kumukonza kumafuna kutseka mzere wa msewu usiku, zomwe ndi zodula komanso zoopsa kwa amisiri, ndiye waya wodwala amatha kukhala nthawi akudikira.

Radar wa pamlongoti

Pofuna kupewa kucheka phula, m'malo ambiri atsopano anaika radar pamlongoti wa m'mbali mwa msewu, woyang'ana modutsa mizere yonse. Amatumiza mafunde n'kumva omwe abwerera atagunda galimoto. Ubwino wake ndi woti amakonzedwa popanda kutseka msewu. Kufooka kwake ndi kosiyana ndi kwa waya: lole yaitali ikakhala mu mzere wapafupi ndi mlongoti, imatchinga galimoto yaing'ono ya mzere wotsatira, ndipo mafunde ogunda zitsulo zotchinga pakati pa msewu amatha kubwerera mosocheretsa. Pa msewu umodzimodzi, chigawo china chimayezedwa ndi waya, china ndi radar, ndipo manambala ake akaikidwa mu tebulo limodzi amaoneka ofanana ngakhale kuti zolakwika zake n'zosiyana.

Kulakwa kwamitundu iwiri

Apa mpofunika kudekha, chifukwa mikangano yambiri imagona apa. Taganizani za sikelo ziwiri zoyezera chimanga pamsika. Yoyamba singano yake imanjenjemera: thumba lina imawonjezera pang'ono, lina imachotsera pang'ono. Ukayeza matumba 100, zolakwikazo zimadyana zokha ndipo chiwerengero chonse chimakhala pafupi ndi choona. Yachiwiri singano yake ndi yokhazikika bwino, koma thumba lililonse imachotsera kilogalamu imodzi. Imeneyi imaoneka yodalirika, koma ukayeza matumba ambiri cholakwikacho chimangokulirakulira.

Makina a pamsewu ali ndi matenda onse awiri. Kuwerenga kawiri ndi kuzembetsa kumatha kudyana, kotero kuti chiwerengero cha tsiku lonse chimaoneka cholondola pomwe cha mphindi imodzi n'cholakwika kwambiri. Wokonza mapulani a msewu watsopano, amene akufuna magalimoto a chaka chonse, zimenezi sizimudetsa nkhawa. Makina oyatsa zikwangwani, omwe amadalira mphindi yomwe yangothayi, zimawakhudza.

Matenda achiwiri ndi obisika. Makina a m'kabati akachunidwa kuti azimva chitsulo msanga kwambiri, galimoto iliyonse imaoneka yotalikirapo. National Highways imagawa magalimoto m'magulu anayi potengera kutalika: osapitirira mamita 5.2, ofika mamita 6.6, ofika mamita 11.6, ndi opitirira pamenepo. Kulakwa kwa masentimita ochepa chabe kumasamutsa magalimoto ambiri kuchoka gulu lina kupita lina, ndipo chiwerengero cha magalimoto olemera chimafufuma. Ziwerengero za malole n'zimene zimagwiritsidwa ntchito poyerekeza kutha kwa phula, phokoso ndi utsi. Ndipo muyeso wake ndi kutalika, osati kulemera: galimoto yaing'ono yokoka kalavani imalowa m'gulu limodzi ndi lole.

Liwiro la pakati lili pawiri

Ngakhale makina atalondola bwinobwino, masamu okha amatha kusocheretsa. Tiyerekeze mtunda wa makilomita 10. Galimoto imodzi ikuyenda pa makilomita 100 pa ola ndipo ikutenga mphindi 6. Ina ikukwawa pa makilomita 20 pa ola ndipo ikutenga mphindi 30. Ukaphatikiza maliwiro awiriwa n'kugawa pawiri upeza 60, ndipo ungalengeze kuti ulendowu ndi wa mphindi 10. Koma nthawi yeniyeni ya pakati ya madalaivala awiriwa ndi mphindi 18. Katswiri wa ku Britain John Wardrop anafotokoza kusiyana kumeneku mu 1952: liwiro la pakati loyezedwa pamalo amodzi limakhala lokwera kuposa loyezedwa pa mtunda wonse, ndipo kusiyanako kumakula maliwiro akasiyana kwambiri. Waya ndi radar amayeza pamalo amodzi. Zomwe zikuchitika pa mamita 500 a pakati pa malo oyezera n'zongoyerekeza.

N'chifukwa chake nthawi ya ulendo masiku ano imatengedwanso ku mafoni ndi zipangizo za GPS za m'magalimoto, kapena ku makamera owerenga nambala ya galimoto pamalo awiri. Njirazi zimayeza ulendo weniweni, koma zimaona magalimoto ena okha, ndipo zimakhulupirira kuti foni imodzi ndi galimoto imodzi. Mu 2020, waluso wa ku Berlin Simon Weckert anasonyeza anthu m'mene anaikira mafoni 99 m'kangolo kokoka pamanja n'kuyenda nako mumsewu wopanda magalimoto, ndipo Google Maps inafiiritsa msewuwo ngati wadzaza.

Mipata m'manambala

Chipangizo chikafa, m'tebulo mumatsala mpata. Izi n'zosavuta kuziona. Chovuta ndi chipangizo chomwe chikudwala koma chikutumizabe manambala, mwina ziro usiku wonse kapena nambala imodzimodzi mobwerezabwereza. Ziro wa nthawi ya 3 koloko usiku angatanthauze kuti msewu unalibe magalimoto, kuti mzere unatsekedwa, kapena kuti waya anaduka. Akatswiri amasefa zoterezi poyerekeza malo oyandikana: ngati pakati pa malo awiri oyezera palibe polowera kapena potulukira, magalimoto odutsa pa oyamba ayenera kufanana ndi odutsa pa achiwiri. Mipata imadzazidwa ndi manambala oyerekeza, otengedwa ku malo oyandikana kapena ku masiku ofanana a m'mbuyo. Palibe chinyengo pamenepa, ndi ntchito yodziwika. Koma munthu wotenga ziwerengero pa WebTRIS, pomwe National Highways imaika manambala a mphindi 15 zilizonse kuti aliyense atenge kwaulere, ayenera kuonetsetsa kuti malo omwe wasankha anagwira ntchito masiku angati asanayambe kuwerengera za mwezi kapena chaka.

Galimoto yoima, funso lomwe waya sanapangidwire

Mu 2006, pa msewu wa M42 pafupi ndi Birmingham, anayesa kulola magalimoto kuyenda mu mzere wa m'mbali, womwe kale unali wongoimikapo galimoto ikawonongeka, pa nthawi zokha zomwe msewu wadzaza. Mu 2014, pa zigawo zina za M25, anauchotseratu mzerewo n'kuusandutsa woyendamo usana ndi usiku. Dalaivala amene injini yamuzimira asanafike pamalo othawirapo amaima pakati pa magalimoto othamanga, ndipo moyo wake umadalira kuti wina amuone msanga n'kuyatsa chizindikiro chofiira cha X chotseka mzerewo.

MIDAS sanapangidwe kuti aone munthu ameneyu. Amaona mdipiti womwe wapangika kumbuyo kwake. Masana magalimoto akachuluka mdipiti umapangika msanga, koma usiku, pomwe magalimoto ndi ochepa ndipo akuthamanga, ena amangomulambalala, mdipiti supangika, ndipo ngati galimotoyo yaima pakati pa malo awiri oyezera, waya samva kalikonse. Kafukufuku wa bungwe loyang'anira misewu lenilenilo, yemwe bungwe la madalaivala la AA linamuulula mu 2019, anasonyeza kuti popanda makina apadera pankatenga pafupifupi mphindi 17 kuti galimoto yoima ionedwe pa makamera. Mu June 2019 amuna awiri anafa pa M1 pafupi ndi Sheffield atawombedwa ndi lole ataima pambuyo pa kangozi kakang'ono, ndipo wofufuza za imfa zawo ananena kuti kusowa kwa mzere wa m'mbali kunathandizira. Mu January 2020 pulogalamu ya Panorama ya BBC inanena kuti anthu 38 anafa pa misewu yamtunduwu m'zaka 5.

Mu March 2020 nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Grant Shapps, inalamula kuti radar wina, wozungulira ndi kusesa msewu kufunafuna chinthu chosasuntha, aikidwe mofulumira. Pofika September 2022 anali ataikidwa pa misewu yonse yopanda mzere wa m'mbali yomwe inkagwira ntchito. National Highways inadziikira miyezo itatu: azindikire magalimoto oima osachepera 80 pa 100 alionse, azindikire pasanathe masekondi 20, ndipo machenjezo abodza asapitirire 15 pa 100 alionse.

Mu December 2022, Office of Rail and Road, yomwe imalondoloza ntchito za National Highways, inapeza kuti m'zigawo zisanu za dzikolo makinawo ankazindikira pakati pa 59.6 ndi 79.6 pa 100 alionse. Machenjezo abodza anali pakati pa 63.8 ndi 83.5 pa 100 alionse. Zigawo zinayi mwa zisanuzo sizinkakwanitsanso muyezo wa masekondi 20. National Highways inakonza mapulogalamu a makinawo, ndipo mu lipoti la December 2023 Office of Rail and Road inanena kuti miyezo ija yayamba kukwaniritsidwa pa dziko lonse.

Miyezoyi imakokerana. Ukachuna radar kuti asaphonye kanthu, amayamba kulira chifukwa cha zinthu zosakhala ngozi, ndipo chenjezo lililonse limafuna kuti munthu wa m'chipinda choyang'anira atembenuze kamera n'kuyang'ana. Machenjezo abodza akachuluka amadya nthawi ya munthu ameneyu, pomwe wina weniweni akudikira m'galimoto yake. Ukamuchuna kuti akhale chete, amaphonya ena enieni. Komanso muyezo wa 80 pa 100, ngakhale utakwaniritsidwa, ukulola kuti galimoto imodzi mwa 5 isaonedwe ndi radar. Oikira kumbuyo makinawa amati radar ndi chitetezo chimodzi mwa zingapo, pamodzi ndi makamera, MIDAS, malo othawirapo ndi olondera msewu. Otsutsa amati mzere wa m'mbali sufuna magetsi kapena pulogalamu ya kompyuta. Pa za magetsi, Panorama inanena mu April 2024 kuti pakati pa June 2022 ndi February 2024 magetsi anazima maulendo 397 pa zipangizo za misewu imeneyi. Chipangizo chozima sichilakwa, chimangokhala chete, ndipo chiwerengero cha kulondola chimanena za nthawi yomwe chipangizocho chili moyo.

Pamene zonse zalondola koma nthawi yasemphana

Nkhani ya makamera ya mu 2025 ndi yamtundu wina. Kamera inayeza liwiro molondola, chikwangwani chinaonetsa nambala yolondola, koma ziwirizi sizinkasintha pamodzi. Chikwangwani chikakweza malire, mwachitsanzo kuchoka pa 40 kufika pa 60, kamera inkatsalira kwa masekondi pafupifupi 10 ikugwirabe malire akale. Dalaivala womvera chikwangwani ndi amene ankajambulidwa. National Highways inati maulendo 2,650 ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi maulendo opitirira 6 miliyoni omwe makamera anajambula pa nthawi yomweyo, ndipo pa masamu n'zoona. Kwa munthu amene analipira chindapusa kapena kuikidwa mapointi a chilango pa laisensi, makamaka ngati ntchito yake ndi yoyendetsa galimoto, kuchepa kwa chiwerengerocho sikuchepetsa vuto lake.

Woyeza makina ndani?

Kuti unene kuti chipangizo chikulondola, uyenera kukhala ndi choona choyerekezera nacho. Pamsewu choonacho chimachokera kwa anthu: wina amaonera kanema wa kamera n'kuwerenga magalimoto imodziimodzi, kapena kufufuza galimoto iliyonse yomwe inaima n'kuona ngati radar analira. Ntchitoyi ndi yotopetsa, imachitika pa malo ochepa ndi maola ochepa, ndipo woonerayo naye amaphonya, makamaka usiku ndi pamvula. Unduna wa zamtengatenga wa ku Britain mpaka pano umadalira kuwerenga kwa anthu pamalo pafupifupi 8,000 chaka chilichonse, kwa maola 12 kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo, pakati pa March ndi October, kenaka umagwiritsa ntchito makina owerenga usana ndi usiku potambasula chiwerengero cha tsiku limodzilo kuti chiimire chaka chonse. Anthu amayeza makina, makina n'kudzaza zomwe anthu sanaone.

Izi zimafika mpaka pa mkangano waukulu wa chitetezo. Ngozi sizifanizidwa ndi chiwerengero chake chokha, zimagawidwa ndi mtunda womwe magalimoto onse ayenda pamsewuwo, ndipo mtundawo umachokera ku ziwerengero za magalimoto zomwezi. Malipoti a National Highways amasonyeza kuti ukatenga ngozi zonse zakupha kapena zovulaza kwambiri, misewu yokhala ndi makinawa ili bwino kuposa motorway wamba. Malipoti omwewo amasonyezanso kuti ukatenga ngozi za galimoto yoima zokha, misewu yopanda mzere wa m'mbali ili ndi chiopsezo chokwera. Mbali iliyonse ya mkangano imagwira chimodzi mwa ziwirizi. Komiti ya nyumba ya malamulo yoona zamtengatenga inapempha mu November 2021 kuti ntchito yomanga misewu ina yopanda mzere wa m'mbali iime kaye mpaka patapezeka ziwerengero za zaka 5. Boma linavomera mu January 2022, ndipo mu April 2023 boma la Rishi Sunak linathetsa mapulani onse omanga yatsopano, ponena za kukwera kwa mitengo ndi kusowa chikhulupiriro kwa madalaivala. Yomwe inamangidwa kale ikugwirabe ntchito.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Loyamba ndi la muyezo wa 80 pa 100. Kodi ndi wokwanira pa msewu womwe munthu alibe pothawira, ndipo woyenera kuuika ndani, bungwe loyendetsa msewu kapena wina wapadera? Chiwerengero cha dziko lonse chimabisanso zigawo zofooka, ndiye pali funso loti zotsatira za msewu uliwonse zizilengezedwa pazokha kapena ayi.

Lachiwiri ndi la nthawi yomwe zipangizo zazima. Kodi maola amenewo aziwerengedwa motani poyeza chitetezo, ndipo dalaivala wolowa m'chigawo chomwe radar wafa azidziwitsidwa bwanji?

Lachitatu likukhudza tsogolo la waya wa m'phula. Magalimoto atsopano amatha kutumiza okha malo omwe ali, liwiro lawo, ngakhalenso kuti aima. Koma manambala amenewa ali m'manja mwa makampani opanga magalimoto ndi mafoni, omwe njira zawo zowerengera sazionetsa poyera, ndipo amabweretsa nkhawa ya kulondoledwa kwa munthu kulikonse komwe wapita. Galimoto yakale, yomwe ndiyo imawonongeka pamsewu kawirikawiri, situmiza kanthu. Ngati mawaya atasiyidwa kuti afe, kodi manambala a makampaniwo adzayerekezedwa ndi chiyani kuti tidziwe ngati akulondola?